AI ikujambula ngati ine ndipo kasitomala wandisiya. Lamulo likuti bwanji?

Burashi_Yakuthwa
Akuluakulu a pagulu pano, ndithandizeni nzeru. Ntchito yanga ndi yojambula zithunzi za m'mabuku a ana ndi zikuto za mabuku. Kasitomala wina amene ndakhala ndikumujambulira wandiuza mosapita m'mbali kuti sakundifunanso, chifukwa akumangotenga zithunzi zakale zomwe ndinamujambulira, n'kuzilowetsa mu pulogalamu ya AI, n'kuiuza kuti itulutse zina zofanana nazo. Ndaziona zomwe akutulutsazo. Palibe ngakhale chimodzi chomwe ndingaloze kuti ichi ndi changa chenicheni, koma mitundu yake, mizere yake, maso a anthu ake, zonsezo ndi dzanja langa. Kodi kopiraiti ingandithandize, kapena ndingozisiya?

Kadzidzi_wa_Usiku
Kuba ndi kuba basi, kaya waba ndi manja kaya ndi kompyuta. Kamusumireni ameneyo.

MkanjoWakuda
A Kadzidzi, mtima m'malo kaye. Woweruza adzafunsa ndime ya lamulo yomwe yaphwanyidwa, ndiye tiipeze kaye ndimeyo.

A Burashi, nkhani yanu ili pawiri, ndipo mbali imodzi ndi yolimba kuposa inzake. Kopiraiti imateteza chithunzi chenicheni chomwe mwajambula, osati kajambulidwe kanu. Pangano la mayiko la TRIPS la 1994 limanena poyera kuti chotetezedwa ndi mmene munthu waonetsera ganizo lake, osati ganizolo kapena njira yochitira chinthu. Ndiye mukangonena kuti "akujambula ngati ine", mlandu ufera pakhomo.

Mbali yolimba ndi iyi: kuti zithunzi zanu zilowe mu pulogalamuyo, wina anazikopa n'kuzitumiza kumeneko. Kukopa ndi kumene lamuloli limaletsa. Funso n'lakuti, munamugulitsa umwini wonse wa zithunzizo, kapena munangomulola kuzisindikiza m'mabuku enaake? Mgwirizano wanu ukuti chiyani?

Burashi_Yakuthwa
Palibe pepala lomwe tinasainirana. Tinkangolemberana mauthenga, iye n'kunena buku ndi kuchuluka kwa zithunzi, ine n'kujambula.

MkanjoWakuda
Mauthenga amenewo musafufute. M'mayiko ambiri, kuphatikizapo America ndi Britain, umwini wa kopiraiti susamuka popanda chikalata chosainidwa, choncho munthu wodzilemba yekha ntchito amakhalabe mwini wa zomwe wajambula ngakhale analipidwa. Wolipirayo amakhala ndi chilolezo chogwiritsa ntchito zithunzizo pa zomwe munagwirizana. Kuphunzitsira makina sikunali pa mgwirizano. Koma malamulo amasiyana dziko ndi dziko, maka pa ntchito yoitanitsa, ndiye pitani ndi mauthengawo kwa loya wa kwanuko awawerenge.

Khodi_404
Ndilowererepo pa za makinawo, chifukwa anthu ambiri amaganiza kuti AI ili ndi nkhokwe ya zithunzi momwe imadula mutu apa, mkono apo, n'kumata. Sizili choncho. Pophunzitsa, amaonetsa pulogalamuyo zithunzi zambirimbiri pamodzi ndi mawu ozifotokoza, iyo n'kumasintha manambala ake amkati pang'onopang'ono mpaka idziwe kuti mawu akuti "galu" amayenda ndi maonekedwe otani. Pamapeto pake chotsala ndi manambalawo, osati zithunzi. LAION-5B, mulu womwe unagwiritsidwa ntchito pophunzitsa Stable Diffusion (AI yopanga zithunzi), uli ndi zithunzi zoposa 5 biliyoni, pomwe pulogalamuyo ndi magigabaiti ochepa oti akwana pa fulashi. Zithunzi zonsezo sizingakwane mmenemo.

Ndiye kwa ine makinawa amaphunzira ngati mmene wojambula aliyense amaphunzirira, poona za anzake. A Burashi nanunso munayamba ndi kutengera ojambula ena, si choncho?

Mbalule
Achimwene a Khodi, mfundo imeneyo ndatopa nayo. Ine ndine woimba, ndinaphunzira gitala potengera akuluakulu, zoona. Koma zinanditengera zaka, ndipo lero ndikakhala pansi ndimatulutsa nyimbo imodzi, kenako ndimatopa, ndimagona. Makina anuwo sagona. Amameza ntchito za anthu mamiliyoni n'kumatulutsa zopikisana nazo usana ndi usiku. Lamulo linalola munthu kutengera mnzake chifukwa linkadziwa malire a manja a munthu.

Komanso musaiwale kuti mu 2023 ofufuza anakwanitsa kutulutsa mu Stable Diffusion zithunzi zofanana ndendende ndi zina zomwe inaphunzirira. A Getty Images, kampani yogulitsa zithunzi, nawo anaonetsa zithunzi za AI zotuluka ndi chidindo chawo chopindikapindika. Ngati sisunga kanthu, chidindocho chinachokera kuti?

Khodi_404
Zimachitika chithunzi chimodzi chikabwerezedwa kambirimbiri pophunzitsa, makina amachiloweza. Ndi vuto lodziwika ndipo opanga amalimbana nalo. Koma zomwe ofufuzawo anatulutsa zinali zochepa kwambiri poyerekeza ndi kuchuluka kwa zomwe anayesa.

Mbalule
Wakuba wogwidwa ndi mbuzi imodzi sapulumuka ponena kuti makola ena anangodutsamo.

MkanjoWakuda
Nonse awiri muli ndi oweruza kumbali yanu, ndipo mpamene pakuonekera kuti lamulo lasokonezeka. Ku America nkhani yonse imazungulira pa fair use, mfundo yomwe imalola kugwiritsa ntchito za eni popanda chilolezo ngati cholinga chake, mtundu wa ntchitoyo, kuchuluka kwa zomwe watenga ndi kukhudzidwa kwa msika wa mwiniwake zikuloleza. Ndi mfundo yomweyi yomwe inapulumutsa Google mu 2015 itajambula mabuku mamiliyoni kuti anthu azifufuzamo mawu.

Taonani chaka cha 2025 chokha. Mu February, woweruza Stephanos Bibas anagamula kuti kampani ya AI ya Ross Intelligence inalakwa pogwiritsa ntchito zolemba za Westlaw, nkhokwe ya zamalamulo ya Thomson Reuters, kupangira chida chopikisana ndi Westlaw yomweyo. Mu June, woweruza William Alsup, pa mlandu wa alembi osumira kampani ya AI ya Anthropic, anati kuphunzitsa AI ndi mabuku ndi fair use chifukwa kumasandutsa mabukuwo chinthu china chatsopano, koma kutenga mabuku pa masamba a intaneti a zakuba n'kuwasunga ndi mlandu paokha. Kampaniyo inavomera kulipira madola 1.5 biliyoni, pafupifupi madola 3,000 pa buku lililonse. Sabata yomweyo ya June, woweruza Vince Chhabria anapatsa Meta, eni Facebook, chipambano pa mlandu wofanana, koma analemba momveka kuti alembiwo aluza chifukwa sanabweretse umboni woyenera, ndipo anati AI ikadzaza msika ndi zinthu zopikisana ndi za eni, fair use ikhoza kugwa. Mfundo ya a Mbalule ndi imeneyo. 

Oweruza awiri a khothi limodzi la ku California, sabata imodzi, kaganizidwe kosiyana. Aliyense wokuuzani kuti nkhaniyi inatha akukunamizani.

Gulugufe22
Pepani ndafika mochedwa. Ine chondisekesa n'chakuti kasitomala wa a Burashiyo mwina sakudziwa kuti zithunzi akutulutsazo si zakenso. Aliyense akhoza kuzikopa. Mukukumbuka nkhani ya nyani uja anadzijambula yekha?

Kadzidzi_wa_Usiku
Nyani wadzijambula bwanjinso? Kkkkk

Gulugufe22
Zenizeni. Mu 2011 ku Indonesia, nyani anadina kamera ya wojambula wa ku Britain David Slater n'kudzijambula akumwetulira mano onse panja. Bungwe lomenyera ufulu wa nyama la PETA linasuma m'malo mwa nyaniyo kuti chithunzicho n'chake. Mu 2018 khothi la apilo ku America linati nyama singasume pansi pa lamulo la kopiraiti. Ofesi ya kopiraiti ya dzikolo nayo inalemba m'malangizo ake kuti chithunzi chojambulidwa ndi nyani sichilembetsedwa.

Kadzidzi_wa_Usiku
Ndiye nyaniyo analipira bwanji maloya?

Woyang'anira_Gulu
Tisachoke pa mutu chonde.

MkanjoWakuda
A Woyang'anira, nyaniyu ali pa mutu kuposa mmene mukuganizira. Stephen Thaler anapita kukalembetsa chithunzi n'kulemba kuti wochijambula ndi makina ake. Anamukaniza, khothi linagwirizana ndi kukanako mu 2023, ndipo khothi la apilo linatsimikiza mu March 2025 kuti mwini ntchito ayenera kukhala munthu. Pa buku lina la nthano za zithunzi lomwe zithunzi zake zinapangidwa ndi AI ya Midjourney, ofesi ya kopiraiti inateteza mawu ndi kasanjidwe ka masamba, koma zithunzizo inazikana. Choncho ku America a Gulugufe akunena zoona.

Mukapita ku China muona zina. Mu November 2023, khothi la za intaneti la ku Beijing linati chithunzi chopangidwa ndi Stable Diffusion n'chotetezedwa, chifukwa wochipangayo anasankha mawu olamulira makinawo, anawasintha mobwerezabwereza mpaka chinatuluka chomwe ankafuna. Britain nayo ili ndi zake: lamulo lake la 1988 linaneneratu kuti ntchito yopangidwa ndi kompyuta popanda munthu woilemba imakhala ya amene anakonza zonse zofunika kuti ipangidwe, kwa zaka 50. Chithunzi chomwechomwecho, ku Beijing chili ndi mwini, ku Washington n'cha aliyense, koma pa intaneti palibe malire a dziko.

MphunzitsiWopuma
Ana anga, ine ndakalamba ndipo ndaona mantha otere kangapo. Kamera itabwera, anthu ankati wojambula ndi kamera sapanga kanthu, amangodina batani, ntchito imagwira ndi kuwala. Mu 1884 khothi lalikulu la America linaweruza za chithunzi cha Oscar Wilde chojambulidwa ndi Napoleon Sarony, n'kunena kuti kusankha kaimidwe, zovala ndi kuwala ndi luso loyenera kutetezedwa. Mu 1984 makampani a mafilimu analephera kuletsa makina a vidiyo a Sony, kenako matepi a vidiyo omwewo anawalemeretsa. Napster, pulogalamu yomwe anthu ankagawirana nyimbo popanda chilolezo, inatsekedwa mu 2001, ndipo lero anthu amamvera nyimbo pa intaneti mwalamulo. Lamulo limachedwa koma limafika. Nanga wolemba mawu olamulira AI akusiyana pati ndi wodina kamera?

Burashi_Yakuthwa
Bambo aphunzitsi, ndi ulemu wonse, akusiyana. Wa kamera amadziwa chomwe chituluke asanadine, chifukwa wachiona ndi maso ake ndipo wachikonza. Wa AI akalemba mawu omwewo kawiri amalandira zithunzi ziwiri zosiyana. Amafanana ndi kasitomala amene amandiuza kuti "ndijambulire mwana atanyamula buku". Kunena chomwe ukufuna si kujambula.

Mbalule
Ndipo za Napsterzo, bambo, lamulo linafikadi, koma linafikira makampani akuluakulu a nyimbo. Woimba wamba amalandira tindalama tosakwana senti imodzi ya dola nyimbo yake ikamveredwa kamodzi. Ngati kufika kwake n'kumeneko, sindikusangalala nako.

Sipanala_10
Inu mukulira zithunzi ndi nyimbo, ife a zopangapanga tili ndi zathu. Thaler yemweyo anayesanso kulembetsa mapatenti (zikalata zoteteza chinthu chotulukiridwa) n'kunena kuti wotulukira ndi makina ake otchedwa DABUS. South Africa inamupatsa patenti mu 2021, koma kumeneko sankaunika mozama zomwe zalembetsedwa. Woweruza wina ku Australia anavomera chaka chomwecho, anzake n'kuzitembenuza mu 2022. Khothi lalikulu la Britain linakana mu December 2023. Tsono taganizani kampani ya mankhwala yomwe AI yaipezera mankhwala atsopano. Ikanena zoona, patenti ikhoza kukanidwa. Ikalemba dzina la wantchito amene anangoyang'anira makinawo, patenti ya zaka 20 yatuluka. Lamuloli likuphunzitsa anthu bodza.

Kwinaku kuli ma 3D printer, makina oumba zinthu zogwirika potsatira fayilo ya pa kompyuta. Patenti yaikulu ya kampani ya Stratasys pa makinawa itatha mu 2009, makinawa anatsika mtengo mpaka kufika m'nyumba za anthu. Patenti imaletsa kupanga chinthu, koma chomwe chimayenda pa intaneti ndi fayilo chabe, chinthucho chimapangidwira kuchipinda kwa munthu. Mwini patenti akasumira ndani? Aliyense wosindikiza kachitsulo ka makina ake ochapira?

Khodi_404
Nkhani ya Stratasys ikuonetsanso kuti patentiyo inachedwetsa luso limeneli zaka 20. Itangotha, zinthu zinayenda.

Sipanala_10
Koma popanda zaka 20 zimenezo, ndani akanathira ndalama zake pofufuza?

Gulugufe22
Zondikumbutsa za NFT. Anthu ankagula ndi ndalama zankhaninkhani poganiza kuti agula umwini wa chithunzi, pomwe anagula kalembera wa pa blockchain (kaundula wa pa intaneti) woloza komwe kuli chithunzicho. Kopiraiti inkatsala kwa wojambula pokhapokha mgwirizano unene zina. Wina anapanga ma NFT a zikwama za Birkin, a Hermès, opanga zikwamazo, anamusumira ku New York ndipo anapambana mu February 2023.

Woyang'anira_Gulu
Abale, a Burashi anafunsa za ntchito yawo. Za zikwama tsegulani ulusi wina.

Kadzidzi_wa_Usiku
Ine ndikadali pomwe ndinali. Ngati lamulo siliteteza kajambulidwe ka munthu, alisinthe liziteteza. Chovuta n'chiyani?

MkanjoWakuda
Chovuta n'chakuti lamulo lotero lingayambe kuluma a Burashi omwewo. Kajambulidwe kakakhala katundu woti n'kukhala ndi mwini, adzakagula ndani? Makampani omwe ali kale ndi nkhokwe za zithunzi mamiliyoni komanso gulu la maloya. Tsiku lina a Burashi adzalandira kalata yowauza kuti maso aakulu omwe amajambulawo akufanana ndi a katuni za kampani inayake, asiye kapena alipire. Woimba sadzaloledwa kuimba reggae kapena blues popanda chilolezo. Ndipo kumbukirani kutalika kwa nthawi yake. Pangano la mayiko la Berne la za kopiraiti limalamula zaka zosachepera 50 mwini atamwalira, mayiko ambiri anakweza kufika 70. Mickey Mouse woyambirira wa 1928 anamasuka ku America pa 1 January 2024, patatha zaka 95. Mukufuna kajambulidwe kazitsekeredwa nthawi yaitali choncho?

Kwa ine, vuto lagona pa maziko a lamuloli. Kuyambira pa lamulo la ku Britain la 1710, maziko ake anali awiri: pali munthu wolemba, ndipo pali kope lomwe lingawerengedwe. Wosindikiza akapanga makope 500 opanda chilolezo, umawagwira n'kuwawerenga. AI imakopa kamodzi pophunzira, kenako imatulutsa zinthu zosafanana ndi chilichonse koma zolanda msika wa onse. Zomwe zimavulaza wojambula sizomwe lamulo limaletsa, ndipo zomwe lamulo limaletsa zimachitikira mkati mwa makina momwe palibe amaona. Mu November 2025 khothi la ku London, pa mlandu wa Getty Images ndi Stability AI, eni Stable Diffusion, linati pulogalamu yomwe sisunga zithunzi si kope lophwanya lamulo. Funso loti kuphunzitsako kunali kololedwa silinayankhidwe n'komwe, chifukwa kunachitikira kunja kwa Britain.

Mbalule
Nanga mawu a munthu? Mu 2023 panatuluka nyimbo yotsanzira mawu a Drake ndi The Weeknd, anthu mamiliyoni anaimva isanachotsedwe. Nyimboyo inali yatsopano, mawu oimbira ndiwo anali obedwa.

MkanjoWakuda
Kopiraiti siteteza liwu la pakhosi panu. N'chifukwa chake dera la Tennessee linapanga lamulo lapadera mu 2024, ELVIS Act, loletsa kutsanzira liwu la munthu popanda chilolezo. Njira imeneyo ndimaikonda, chifukwa ikuteteza munthu wodziwika dzina, osati mtundu wonse wa kaimbidwe. Zofanana nazo zingathandize ojambula: kuletsa kugulitsa chinthu potchula kuti n'chojambulidwa ngati uje.

Burashi_Yakuthwa
Zikomo a loya. Za kasitomalayo ndamva pogwira. Nanga zithunzi zina zomwe ndinaika pa intaneti kuti anthu azindipeza? Ndizichotse?

Khodi_404
Zomwe zinatengedwa kale zinapita. Pa zatsopano, ngati muli ndi tsamba lanulanu, lembani mu fayilo ya robots.txt kuti makina osonkhanitsa zinthu asalowe. Palinso Glaze, chida chaulere chopangidwa ndi ofufuza a University of Chicago, chomwe chimasintha chithunzi mosaonekera kwenikweni kwa munthu koma mosokoneza makina ofuna kutengera kajambulidwe. Sichitsekeratu zonse. Robots.txt nayo ndi pempho chabe, wosafuna kumvera amadutsa.

MkanjoWakuda
Ku European Union pempholo lili ndi mano pang'ono. Lamulo lawo la 2019 limalola makampani kukumba zolemba ndi zithunzi pokhapokha mwiniwake atakana m'njira yoti makina angawerenge, ndipo AI Act ya 2024 imalamula opanga AI kulemekeza kukanako ndi kufalitsa chidule cha zomwe anaphunzitsira. Japan inamasula kwambiri kuyambira 2019. Kampani imangosankha dziko lophunzitsirako.

Mbalule
Zoti ine ndizikana ndi kumene n'zokhota. Wofuna changa ndiye azipempha.

MphunzitsiWopuma
Bwanji osachita ngati mmene wailesi zimachitira? Wailesi sipempha woimba aliyense payekha. Imalipira bungwe la oimba, bungwelo n'kugawa. Makampani a AI alipire mabungwe a alembi ndi ojambula, nkhani ithe.

Khodi_404
Bambo, wailesi ili ndi mndandanda wa nyimbo zomwe yaimba, ndiye kugawa n'kosavuta. AI ikatulutsa chithunzi palibe angaloze kuti chachokera kwa ojambula awa ndi awa. Mugawa mofanana? Tengani madola 1.5 biliyoni aja, omwe ndi chipukuta misozi chachikulu kwambiri pa milandu ya kopiraiti ku America, muwagawe pa zithunzi zoposa 5 biliyoni. Chithunzi chimodzi sichifika masenti 30.

Komanso malaisensi okwera mtengo angakwanitse ndi makampani akuluakulu okha. Ophunzira, ofufuza ndi timakampani tating'ono atsekeredwa kunja.

Gulugufe22
Ndipo ndalama za alembi zija sizinali za aliyense. Zinali za mabuku olembetsedwa ku ofesi ya kopiraiti ya ku America. Mlembi wa dziko lina yemwe sanalembetse kumeneko, ngakhale buku lake linali mu mulu womwewo, sanawerengedwe. Pangano la Berne limati chitetezo sichifuna kulembetsa, koma pa nthawi yogawana ndalama pepala la ku Washington ndi lomwe linagwira ntchito.

Mbalule
A Khodi, masenti 30 amenewo mwawerengera kulipira kamodzi. Wailesi imalipira chaka ndi chaka. Makinawo akupanga ndalama mwezi uliwonse, ndiye alipire mwezi uliwonse. Ndipo Universal, Sony ndi Warner atasumira Suno ndi Udio, makampani a AI yopanga nyimbo, mu June 2024, palibe anati kuwerengera n'kovuta. Kumavuta wofuna kulipidwa akakhala wamng'ono.

Sipanala_10
A loya, funso langa la 3D printer simunaliyankhe. Wotumiza fayilo ali dziko lina, wosindikiza ali dziko lina, patenti inalembetsedwa dziko lachitatu. Mlandu ukazengedwa kuti?

MkanjoWakuda
Patenti imagwira ntchito m'dziko lomwe inalembetsedwa basi. Ngati wosindikizayo ali kunja kwa dziko limenelo ndipo sakutumizako katunduyo, palibe mlandu. Wotumiza fayilo mungamuthamangitse pokhapokha mutaonetsa kuti ankalimbikitsa anthu a m'dziko lachitatulo kupanga chinthucho, ndipo muyenera kumupeza kaye.